Utsi wa mbuzi ku Matundo

Amalawi ambiri amene amati anafikako ku Tete amanena zoona mwatheka. Anangodutsako. Msewu wa ku Harare ndi ku Joni umalowa m'dziko la Mozambique pa Zóbuè, n'kutsetsereka mapiri, kudutsa Moatize, kuwoloka Zambezi mpaka kukatulukira pa Cuchamano, pamene tsidya lake ndi Nyamapanda. Munthu amafika pamtsinje atatopa kale ndi mizere ya pachipata, thukuta lili kamukamu, dzanja lili pathumba la pasipoti. Zimene amakasimba kumudzi ndi ziwiri basi: mlatho wautali ndi dzuwa loswa mtengo. Mukamufunsa chimene anadya ku Tete, akuuzani za nkhuku imene akunyumba anamukazingira asananyamuke.

Mkulu wina wa ku Balaka, mphunzitsi wopuma ntchito, anali m'gulu la odutsawa kufikira pamene mwana wa mlongo wake anapeza ntchito kukampani ina ya ku Moatize n'kukachita lendi nyumba ku Matundo. Mtsikanayu anachita maphunziro a uinjiniya ku Japan, mumzinda wa Osaka, ndipo anabwerako ndi chizolowezi chimene amalume ake chinawadabwitsa. Akafika malo achilendo safunsa kaye za nyumba zakale kapena zipilala. Amafunsa kumene kukufuka utsi.

"Amalume, musandivutitse kuphika sabata ino," anatero atangowalandira chikwama. "Tizidya kumsewu, kuti pobwerera mukanene kuti Tete munamuona."

Mkuluyu anangoti kukamwa yasa. Iye anakula m'nthawi imene mphunzitsi wopezeka akutafuna pamsewu ankasanduka nkhani ya sitafu yonse. Koma mlendo satsutsa mwini nyumba, makamaka mwini nyumbayo akakhala kuti ndiye wasunga ndalama za dzikolo.

Matundo ili tsidya la kumpoto kwa Zambezi, mbali ya kwathu kuno. Wochokera ku Mwanza, wochokera ku Dedza kudzera ku Angónia, ngakhalenso wa ku Katete wolowera pa Cassacatiza, amayamba wafika kuno asanaone mzinda wakale, umene uli tsidya linalo pamodzi ndi maofesi a boma ndi chipatala chachikulu. Kalembera wa 2017 anapeza anthu oposa 300,000 mumzinda wonse wa Tete, ndipo tsidya lino, ku Matundo ndi ku Chingodzi kumene kuli bwalo la ndege, ndiko mzindawu wakulira mothamanga. Pamsewu mumamveka Chinyungwe cha eni nthaka, Chipwitikizi cha kusukulu ndi kuofesi, Chisena, Chishona cha madalaivala, ndi Chichewa cha anthu a ku Ulónguè obwera ndi mbatatesi ndi kabichi. Mchewa sasochera. Akatchera khutu bwino, theka la zimene Mnyungwe akunena amalitola, ndipo theka linalo amalimalizira ndi manja.

Unali mwezi wa Okutobala, ndiye tsiku linkayamba dzuwa lisanatuluke, poti aliyense amadziwa chimene chimabwera ikamakwana 10 koloko. Pambali pa msewu mayi wina anali atakoleza kale mbaula, mafuta akuwira m'chiwaya. M'beseni munali phala lolimba la khobwe. Khobweyo amamuviika usiku, n'kumuchotsa makoko, n'kumusinja mumtondo pamodzi ndi adyo ndi mchere mpaka asalale. Mayiyo ankatapa ndi supuni n'kugwetsera m'mafuta, timibulu tija n'kuyandama, kufufuma, kufiira, iye n'kutivuula ndi chipande chobooka. Amenewo ndiwo badjia. Pafupi pake panali mnyamata wa dengu la pão, buledi wa Chipwitikizi wa khungu lokhuthala koma wofewa m'kati. Wogula amatenga buledi mmodzi kwa mnyamatayo, n'kumung'amba pakati ndi chala chachikulu, mayi uja n'kuponyamo badjia atatu kapena anayi akadali amoto, n'kudonthezera tsabola wa m'botolo. Mafuta amalowerera m'bulediyo. Palibe mbale, palibe mpando.

"Muli tani, baba?" anatero mayiyo osasiya kuvundula.

"Ndili bwino, kaya inu mayi?"

Mayiyo anaseka n'kuuza mnzake kuti awa ndi a ku Malawi, ndipo anawonjezera badjia mmodzi wa basela.

Chimene mkuluyu anachiona atatha kuluma kawiri ndi anthu amene anaima naye. Panali ana asukulu a yunifolomu, mlonda woweruka ntchito ya usiku, anyamata a njinga zamoto, ophunzira a ku Instituto Superior Politécnico de Tete kumene amasula akatswiri a zamigodi, ndi azibambo a maovolosi owala akudikira basi ya kampani. Wina analipira ndi makobili a metikali, wina anangodina foni n'kutumiza pa M-Pesa. Kuofesi anthu amenewa sangakhale tebulo limodzi. Apa onse anali atapendeketsa mutu mofanana kuti mafuta asadonthere malaya.

Atakhuta anauyamba wapansi kukawoloka mlatho. Mlatho wa Samora Machel unatsegulidwa mu 1973, Apwitikizi atatsala pang'ono kuchoka, ndipo anaujambula ndi injiniya wawo wotchuka Edgar Cardoso. Ndi wolenjekeka pa zingwe zachitsulo, wotalika mamita oposa 700. Wodutsa pa basi sadziwa kuti mlathowu umanjenjemera. Woyenda pansi amamva m'mapazi galimoto iliyonse ikamadutsa, ndipo akasuzumira pansi amaona mabwato, amayi akuchapa m'mphepete maso ali kumadzi kuopa ng'ona, ndi madimba obiriwira otsatana ndi mtsinje pamene dziko lonse lozungulira lili mbuu. Kwa zaka zambiri lole iliyonse yopita ku Malawi kapena yochokerako inkadutsa pomwepa, ndipo panthawi imene ankaukonza, mizere ya malole inkatalika mpaka madalaivala kugona panjira. Dalaivala wodikira amadya, ndipo amayi ambiri a tsidya lino anaphunzitsa ana ndi mizere imeneyo. Mu 2014 anatsegula mlatho wachiwiri wa Kassuende kumunsi kwa mzinda, magalimoto olemera n'kuyamba kulambalala. Mzinda unapumulako ku utsi wa dizilo, koma wogulitsa nsima amene makasitomala ake anasamutsidwa tsiku limodzi ali ndi mbali yakenso ya nkhaniyi.

Tsidya linalo kuli zimene mabuku a alendo amalemba: linga lakale la São Tiago Maior loyang'ana kumtsinje, tchalitchi chakale cha dzina lomwelo, ndi nyumba za makonde aatali za nthawi ya atsamunda. Apa mphunzitsi uja anadzuka mwa mkuluyu. Anaima pagombe n'kuyamba kuuza mwana wa mlongo wake kuti David Livingstone anafika pano mu Malichi 1856 akuchokera ku Luanda, kuti anasiya pano Amakololo amene anamuperekeza, nabweranso mu 1858 ndi sitima yotchedwa Ma Robert imene inalephera kukwera mathithi a Cahora Bassa. Kulephera kumeneko ndi kumene kunamukhotetsera ku Shire. Ena mwa Amakololo oyenda naye, monga Kasisi ndi Chipatula, anadzasanduka mafumu kuchigwa cha Shire. Zonsezi anaziphunzitsa pabolodi zaka zambirimbiri osaponda malo ake. Mtsikanayo anamvetsera mwaulemu, kenaka n'kuloza mthunzi.

Kunena mosapsatira, zoona ndi maso za m'kati mwa Tete sizidya tsiku lonse. Mishoni ya Boroma, imene ansembe a Chijezwiti anamanga kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kumtunda kwa mtsinje, imafuna ulendo wakewake, ndipo damu la Cahora Bassa ku Songo, limene linatha mu 1974, lili kutali koposa apo. Wobwera kudzangojambula nyumba akhoza kumaliza nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Mwina n'chifukwa chake anthu amati ku Tete kulibe choona.

Masana dzuwa linalamula. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kuno kumapyola madigiri 40, ndipo ngakhale agalu amasowa pamsewu. Nthawi imeneyi ndi ya ana onyamula makulabokosi. M'katimo mumakhala timapepala ta pulasitiki ta malambe osungunula, othira shuga n'kuumitsa mufiriji, ndipo wogula amaluma kangodya n'kumayamwa. Ena amagulitsa mahewu ozizira m'mabotolo. Kumsika wa Kwachena kunali milu ya masau ouma, otsala a nyengo yozizira, amene ena amangokumuna, ena kuphikira phala, ndipo ena, monga adziwira aliyense wa m'chigwa cha Zambezi, amatchezera kachasu. Mkuluyu anakumbukira kuti kwawo ku Balaka malambe ankagwa okha ana n'kumaswa ndi miyala, osaganiza kuti tsiku lina adzakhala malonda.

Mitengo iwiri imeneyi, mlambe ndi msau, ndiyo inamutsegulira nkhani ya chakudya cha madzulo. Dziko louma lotere chimanga chimavuta, koma mbuzi imakondwa. Imadya masamba a zitsamba zaminga, masau ogwa pansi ndi malambe, ndipo eni ake amalumbira kuti kukoma kwa nyama yake kumachokera pamenepo. Mbuzi ya ku Tete ndi yotchuka mpaka ku Beira ndi ku Maputo, kotero kuti dzina loti Cabrito de Tete linalembetsedwa mwalamulo kuti mbuzi ya kwina isagulitsidwe ndi dzinalo. Ndi chinthu choyamba cha m'dziko la Mozambique kutetezedwa motero. Ku Ulaya ulemu umenewu amapatsa vinyo ndi tchizi. Kuno anapatsa chiweto chimene mkuluyu anakhala akuchithamangitsa m'munda wa sukulu moyo wake wonse.

Dzuwa litapendeka Matundo inadzuka kachiwiri. Anakaima pa mgolo wodula pakati, wodzadza makala, pamwamba pake atayala waya. Mnyamata wowotcha anali ndi mpeni wotha mbali imodzi chifukwa chonola, ndi foloko ya mano awiri. Mbuzi anapha m'mawa womwewo, ndipo mwendo wotsala unali lende pambali kuti wogula adzionere yekha. Pawaya panali nthiti, chiwindi, nthumbwana zokulunga bwino ndi zidutswa za mnofu zokhala ndi kamafuta m'mbali. Wogula salankhula zambiri, amangoloza. Mnyamatayo amabaya chidutswacho, kuchisendezera pamene moto wakalipa, mafuta n'kudontha, lawi n'kulilima, iye n'kuwaza timadzi ndi zala kuti lizime. Kenaka amachiika pathabwa, kuchiduladula mofulumira mpeni uli gogogo, n'kukankhira pambale yachitsulo. Pambali pamakhala kamulu ka mchere, ndi piripiri wosinja wothira mandimu amene amayamba mwaulemu n'kudzakukumbutsa pambuyo. Wofuna nsima amaitanitsa kwa mayi wa pafupi, wofuna chipisi chiliponso, ndipo m'kabala ka kuseri anthu anali atagwira mowa wa 2M ndi Manica, wailesi ikulira.

"Patrão, chiwindi ichi chapsa bwino, ndikuikireni?" anatero mnyamatayo m'Chichewa chomveka cha ku Angónia.

"Ika, mwana wanga, koma usapsereze."

Nyamayo inali yolimbirako pang'ono, yosanunkha, yokoma mpaka kufupa. Mkuluyu anayamba wadya chamanyazi, akuyang'ana uku ndi uku ngati pangatulukire mwana amene anamuphunzitsa. Pofika mbale yachiwiri anali atapinda malaya m'mikono.

Ndi pamenepa mtsikana uja anayamba kusimba za Osaka. Anati kumeneko kuli dera lotchedwa Dotonbori, m'mbali mwa ngalande imene anakumba zaka zoposa 400 zapitazo, kumene usiku kumawala ndi zikwangwani za magetsi, ndipo alendo amaima pamlatho kudzijambulitsa kutsogolo kwa chikwangwani cha Glico cha munthu wothamanga atakweza manja. Koma chimene anthu amapitirako ndi kudya. Pali takoyaki, timipira ta ufa wa tirigu tokhala ndi kachidutswa ka octopus m'kati, nyama ya m'nyanja ya miyendo 8 ija. Amaphikira pa chitsulo cha maenjemaenje, wophika n'kumatembenuza kalikonse ndi kachitsulo kosongoka, mofulumira moti maso satsatira. Anayambitsa ndi munthu wina wogulitsa pamsewu dzina lake Endo Tomekichi mu 1935. Pali okonomiyaki, chikondamoyo cha kabichi ndi nyama chowotcha pachitsulo chamoto. Ku Shinsekai, dera limene kale linali la anthu aganyu, kuli kushikatsu, nyama ndi ndiwo zamasamba zobaya pakamtengo n'kukazinga, ndipo lamulo lake mlendo aliyense amauzidwa asanakhale pansi: msuzi wa m'mbale ya onse umaviikamo kamodzi kokha, ukaluma usabwezeremonso. Anati Ajapani sakonda kudya akuyenda. Umaima pomwe wagulapo, kumaliza, n'kubweza kambale kwa mwini wake, chifukwa mabini a zinyalala m'misewu ndi osowa.

Mkuluyu anayang'ana kamulu ka mchere kamene anthu asanu anali akusisitapo nyama zawo zolumaluma, n'kuseka yekha.

Komabe anaona kuti nkhani ziwirizi sizitalikirana monga mmene mapu amanenera. Zakudya zimene alendo amakwerera ndege kukadya ku Osaka zinayamba ngati zakudya za anthu osauka: ufa, kabichi, zidutswa zotsika mtengo, zophikidwa mofulumira kuti wantchito adye n'kubwerera. Sizinasinthe kwenikweni. Chinasintha ndi chakuti eni mzinda anayamba kuzinyadira, mpaka kumadzitama kuti munthu wa ku Osaka chuma chake chimathera pakamwa. Ku Matundo luso lilipo, nyama iliponso yoti ena ailembetse mwalamulo, koma mlendo wolemekezeka akabwera amathamangira naye kuhotela kukadya zimene akanadya kwina kulikonse. Amalawi sangaseke anzawo pa zimenezi. Ndani anatengerapo mlendo wa kunja pachiwaya cha pa Lunzu kapena pa Kamba mosachita manyazi?

Pali ulusi wina wakale umene umalumikiza malo awiriwa, ndipo mphunzitsi sakanaulekerera. Apwitikizi anakhazikika ku Tete m'zaka za m'ma 1530, akusaka golide wa Mwenemutapa. Mu 1543 anzawo anafika pachilumba cha Tanegashima ku Japan, ndipo posakhalitsa Nagasaki linasanduka doko lawo. Tempura, imene lero dziko lonse limaiona ngati chakudya cha Chijapani chenicheni, inachokera ku kakazingidwe ka Apwitikizi amenewo. Zombo zomwezo, zodzera ku Goa ndi pachilumba cha Mozambique, ndi zimene zinafalitsa tsabola, chinangwa ndi mbewu zina za ku America, pamene amwenye obwera kudzachita malonda anabweretsa samusa ndi kakazingidwe ka badjia. Ndiye buledi wa m'mawa uja, kakazingidwe ka badjia kaja ndi tsabola wake, zonse zinayenda panyanja zisanakumane m'dzanja la mwana wasukulu wa ku Matundo. M'zombo zimenezo munakweranso munthu wakuda amene Ajapani anamutcha Yasuke. Anafika ku Japan mu 1579 pamodzi ndi wansembe Alessandro Valignano, ndipo mu 1581 anthu a ku Kyoto anapanikizana kuti amuone, mpaka wolamulira wamphamvu Oda Nobunaga anamutenga kukhala msilikali wake. Buku lina la Chifalansa la mu 1627 limati ankachokera ku Mozambique. Iyeyo sanapite kukaona malo. Anthu ndiwo ankabwera kudzaona iye.

Ulusi wa masiku ano ndi wakuda bii, ndipo umagwa pamadenga. Malasha a ku Moatize, amene Livingstone yemwe anawaona m'mbali mwa mitsinje ya kuno, anayamba kukumbidwa mwamphamvu pamene kampani ya Vale ya ku Brazil inatsegula mgodi wake mu 2011. Tete inatutumuka. Nyumba zalendi zinakwera mtengo, mahotela anamera, anthu anakhamukira kuno kuchokera m'zigawo zonse, pamene mabanja mazanamazana anasamutsidwira ku Cateme, kumene mu Januwale 2012 anatseka njanji podandaula za malo amene anapatsidwa. Rio Tinto inagula kampani ya Riversdale, mwini mgodi wa Benga, mu 2011 pa ndalama pafupifupi madola 4 biliyoni, ndipo mu 2014 inagulitsa migodi yake ya kuno pa madola 50 miliyoni okha, ngati munthu wogula ng'ombe n'kudzaigulitsa pamtengo wa nkhuku. Mu 2017 kampani ya Mitsui ya ku Japan inagula gawo mumgodi wa Moatize ndi munjanji ya makilomita 912 yopita ku Nacala, yomwe ija imadutsa ku Mwanza, Neno, Nkaya ndi Liwonde, imene mkuluyu amamva kulira kwa sitima zake ali kwawo. Mu 2021 Mitsui inatulukamo, ndipo chaka chotsatira Vale nayo inasiyira kampani ya Vulcan.

Mnyamata wowotcha mbuzi uja mayina onsewa amawadziwa, osati kuchokera m'nyuzipepala koma pa zilembo za pamaovolosi a makasitomala ake. Anati mgodi ukachotsa anthu ntchito iye amadziwa sabata yomweyo, chifukwa ogula nthiti amayamba kuloza nthumbwana. Mkuluyu anaona kuti pa akatswiri onse a zachuma amene anawamvapo pawailesi, palibe anafotokoza bwino chotero.

Japan ina imayenda pamsewu. Maminibasi a kuno, amene amawatcha chapa, ambiri ndi Toyota Hiace zogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo ena akadali ndi zilembo za Chijapani m'mbali. Mtsikanayo ankawerenga n'kumamasulira akuseka: iyi inali ya sukulu ya mkaka, iyo inali ya nyumba yogona alendo ya ku akasupe otentha. Mayiko atatu onsewa, Japan, Mozambique ndi Malawi, amayendetsa galimoto kumanzere, ndiye minibasi imangotsika m'sitima n'kuyamba kuitanira a ku Moatize.

Tsiku lina anadya nsomba. Pende wa mu Zambezi amamuwotcha wathunthu atamucheka m'mbali n'kupaka adyo ndi mandimu. Koma imene inamugwira mtima mkuluyu ndi chicoa, nsomba yong'amba pakati, yothira mchere wambiri n'kuyanika padzuwa, yotchedwa ndi dzina la dera la m'mbali mwa nyanja ya Cahora Bassa kumene imachokera. Mayi wophika amayamba waiviika kuti mchere uchepe, kenaka n'kuiphika ndi tomato ndi anyezi kapena kuthira nsinjiro. Ndi chakudya chobadwa ndi kutentha: m'dziko limene nsomba yaiwisi singafike madzulo, mchere ndi dzuwa ndizo firiji. Kapenta wa m'nyanja yomweyo anali m'mabeseni ponseponse, ndipo mkuluyu, pokhala munthu wa usipa, anamulawa n'kunena kuti ndi wabwino ndithu koma asamuyerekeze.

Chimodzi chokha chinkamusowetsa mtendere pa madyerero onsewa, ndicho madzi. Mayi wa nsima anali ndi ndowa imodzi yosambitsa m'manja makasitomala ndi beseni limodzi lotsukira mbale, ndipo madzi a m'besenimo pofika usiku anali atasintha mtundu. Si uve. Madziwo amachita kugula ndi kusenza, ndiye dontho lililonse amaliwerengera. Mzinda uli m'mbali mwa mtsinje waukulu chotere, koma pamalo ogulitsira chakudya mpopi ndi wosowa. Kolera anavuta ku Tete mu 2015, anabweranso mu 2023, nthawi yomwe ku Malawi mliri womwewo unapha anthu oposa 1,700. Mliri ukabuka, kulikonse m'chigawo chino, oyamba kuletsedwa malonda ndi ogulitsa zakudya zophikaphika. Mtsikanayo anali ndi malamulo ake amene anawapatsa amalume ake tsiku loyamba: idyani chimene chachoka pamoto inu mukuona, pitani pamene pali mzere wa anthu, saladi musiyeni, ndipo madzi akumwa tinyamula athu.

Mtsikanayo anati yankho la vuto la madzili analiona ku Fukuoka, mzinda wa kumwera kwa Japan umene anakachezako pa sitima yothamanga yotchedwa Shinkansen. Kumeneko kuli timalesitilanti ta pangolo totchedwa yatai, timene eni ake amatikoka madzulo, kutimanga m'mbali mwa msewu ndi mwa mtsinje ku Nakasu ndi ku Tenjin, anthu osakwana khumi n'kukhala mothithikana kudya ramen ndi nyama yowotcha, ndipo kusanache amaphwasula zonse msewu n'kutsala woyera. Kale tinalipo toposa 400. Mizinda ina ya ku Japan inatithetsa ponena za ukhondo, ndipo ku Fukuoka nako tinkatha pang'onopang'ono, makamaka lamulo la mu 1995 litaletsa kuti chilolezo chizipatsiridwa kwa munthu wina mwini wake akasiya. Mu 2013 khonsolo ya mzindawo inasintha maganizo. Inakhazikitsa lamulo lovomereza yatai ngati chuma cha mzinda, n'kukonza malo okhala ndi madzi, magetsi ndi ngalande za madzi oipa, eni ake n'kumalipira. Zaziwisi n'zoletsedwa, mitengo iyenera kulembedwa poonekera, ndipo nthawi yotsegula ndi yotseka ndi yoikika. Kuyambira mu 2016 anayambanso kuitana anthu atsopano kuti apikisane polemba makalata ofunsira malo, ndipo mmodzi mwa opambana anali Mfalansa. Lero tilipo pafupifupi 100.

Mkuluyu anavomera za mpopi ndi ngalande, koma za makalata anapukusa mutu. Anati iye wakhala m'makomiti okwanira kudziwa mmene zimathera: tsiku limene malo a pamsewu adzakhale ndi madzi, denga ndi nambala, adzawapeza ndi mlamu wake wa wina wa kuofesi, ndipo mayi wa badjia uja, amene mwina sukulu anailekeza panjira, adzauzidwa kuti asendere uko. Anakumbutsa mwana wa mlongo wake za mu 2006, pamene mavenda a ku Blantyre ndi ku Lilongwe anachotsedwa m'misewu n'kulowetsedwa m'misika ya mpanda, ndipo patangopita zaka zochepa ambiri anabwerera pamsewu chifukwa wogula sanawatsatire. Chakudya cha pamsewu chimatsata mapazi a anthu. Ukachisamutsira kumene anthu sadutsa, wachipha ngakhale utachimangira nyumba ya matailosi.

"Ndiye tingosiya choncho, amalume?"

"Ayi. Abweretse mpopi pamene mayiyo wakhala kale. Makalata abwere pambuyo."

Mtsikanayo anati ku Fukuoka nako anasamutsa ena amene ankatseka njira ya oyenda pansi, ndipo si onse anakondwa. Mkuluyu anati zimenezo akukhulupirira. Anatsutsana mpaka makala a mumgolo anayamba kuzirala, mnyamata uja akumvetsera uku akupala waya ndi mpeni. Atamufunsa maganizo ake, iye anati za Japan sakuzidziwa, koma akanakhala ndi mpopi pafupi akanasiya kulipira mwana womutungira madzi kawiri pa tsiku, ndipo ndalama imeneyo akanagulira lona wotchinga dzuwa kuti azitsegula kuyambira masana.